Chaka Chimene Ndinachotsa Nkhokwe m'Makompyuta a Madepo

Ana anga, mwakhala mukutsutsana za ntchito imene ndinkagwira. Ena mumati ndinali mlembi, ena mumati ndinali makaniki wa makompyuta, ndipo mdzukulu wanga wina anauza anzake kusukulu kuti agogo ake ankagulitsa mtedza. Nonse muli ndi mbali imene mukulondola. Za ubwana wanga ndinakuuzani kale pakamwa, choncho pano ndiyambira tsiku limene ndinalowa mu ofesi.

1991

Ndinalembedwa ntchito yotayipa makalata ku bungwe lina lothandiza alimi a mtedza m'tauni ya Chipata, ndili kale mayi wa ana awiri. Bungweli linkachulukitsa mbewu. Tinkapereka mbewu yabwino kwa alimi osankhidwa m'midzi, iwo n'kulima, alangizi n'kumayendera mindayo, ndipo mtedza ukakololedwa tinkauyesa ngati ukumera bwino tisanaugawe kwa alimi ena. Ntchito yonse inkadalira kudziwa kuti thumba ili lachokera m'munda wa yani, ndi mtundu wanji wa mtedza, ndipo mundawo unagwidwa matenda kapena ayi. Zimenezi zikasokonekera, mtedzawo sunalinso mbewu, unkangokhala wokazinga.

Bwana wathu anali a Sakala, munthu wamtali, woyankhula pang'onopang'ono, koma wokonda zinthu zatsopano ngati mwana. Kompyuta yoyamba itafika kuchokera kwa otithandiza akunja, anaiika pa tebulo langa chifukwa ndine ndinkadziwa pamene zilembo zili. Munthu amene anadzailumikiza kuchokera ku Lusaka anandiphunzitsa masiku ochepa n'kubwerera, kundisiyira buku lalikulu lachingelezi. Ndinkaliwerenga pa nthawi ya nkhomaliro. Ndinalakwitsa zambiri, ndipo a Sakala sanandikalipirepo. Ankangoima kumbuyo kwanga, manja kumsana, n'kufunsa ngati makinawo ayamba kundimvera.

1993

Chilala cha chaka cham'mbuyo chitapita, ntchito ya mbewu inakula kwambiri. Bungwe linatsegula madepo asanu m'midzi, malo olandirirako ndi kugawirako mbewu, ndipo depo iliyonse inalandira kompyuta yakale imene ena anali atagwiritsa kale ntchito kwina, pamodzi ndi sola yotengera magetsi ku dzuwa ndi batire ya galimoto. Apa m'pamene ntchito yanga yeniyeni inayambira. Kompyuta siyenda yokha. Imafuna mapulogalamu oidzutsa, oisunga m'dongosolo, ndi olembera zinthu zimene mukufuna. Ine ndinkasonkhanitsa zonsezi m'madisiketi, timbale tonyamulira mapulogalamu ndi mafayilo, ndipo tinkazitcha mtolo. Mu mtolo munkakhala pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, pulogalamu yathu yolembera za alimi, ndi tizipangizo ting'onoting'ono tosamalira disiki, momwe mafayilo amasungidwa.

Mtolo ndinkaumanga kamodzi pa chaka, mu Okutobala, mvula isanagwe. Ndinkauyesa pa makina anga mu ofesi, kenako n'kuzungulira madepo onse kuuika. Ukalowa, sunkasinthidwa mpaka misewu itauma. Lamulo limeneli sindinalipeze m'buku, linachokera ku misewu yathu. Madepo ena, monga imene inali kupitirira ku Tamanda, mvula ikalimba galimoto sinkafikako. Lamya kunalibe. Kalaliki wa pa depo akavutika ankatumiza kakalata pa njinga kapena pa lole ya thonje, ndipo ine ndinkakhala pa makina anga, amene anali ndi mtolo wofanana ndendende ndi wake, n'kuchita zimene iye wachita mpaka nditaona vutolo ndi maso anga. Ndikatero ndinkamuyankha. Makina athu akanasiyana, ndikanakhala ngati sing'anga wochiza munthu amene sanamuonepo.

Vuto lathu lalikulu linali malo. Madisiki a m'makompyuta amenewo anali aang'ono, ankadzaza msanga. Madisiketi nawo ankasowa m'tauni, ndipo amene tinali nawo ankawonongeka ndi fumbi m'chilimwe, m'dzinja n'kuchita nkhungu. Tsiku lina disiki ya makina anga inakana kutsegula mafayilo a zokolola za chaka chonse. A Sakala atamva, anandiuza kuti kumashopu kuli mwana wa a Saidi amene anaphunzira zamakompyuta ku Lusaka, ndipo ndikamuyese.

A Saidi anali ndi sitolo ya nsalu ndi zitsulo za njinga. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, ndipo m'banja mwawo ankayankhulabe ngati a kumeneko. Mwana wawoyo, a Yusufu, ndinawapeza m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, pakati pa mawailesi otsegulatsegula. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zochepa, woonda, wosayang'ana munthu kumaso akamaganiza. Anabwera nane ku ofesi, analowetsa disiketi yawo, ndipo dzuwa lisanapendeke mafayilo anga anali atabwerera. Ndinawafunsa kuti pulogalamu imeneyo anaigula kuti.

"Sindinaigule, achemwali. Ndinailemba ndekha. Ndimaitcha Nkhokwe."

Anandifotokozera kuti Nkhokwe inkachita zinthu ziwiri. Inkafufuza malo owonongeka pa disiki n'kupulumutsa zimene zili pamenepo, komanso inkapanikiza mafayilo kuti disiki imodzi isunge pafupifupi kuwirikiza. Kuti itero, inkayala mafayilo pa disiki m'njira yakeyake, imene Nkhokwe yokha inkatha kuiwerenga. Mawu omalizawa ndinawamva, koma maganizo anga onse anali pa malo amene tikanapeza. Ndinaiyesa miyezi ingapo, sinandikhumudwitse, ndipo mu Okutobala inalowa mu mtolo. A Yusufu sanafune malipiro. Anati zinawakwanira kuti chinthu chimene analemba kuseri kwa sitolo chikugwira ntchito m'midzi imene iwo sanapondemo. Kuyambira pamenepo tinkaitanana achemwali ndi achimwene, ndipo pa Idi, chikondwerero cha Asilamu, mayi awo ankatitumizira mbale ya mpunga kunyumba. Akuluakulu a inu mukuikumbukira.

1995

A Yusufu anali ndi khalidwe limodzi limene ndinalizindikira mochedwa: sankatha kusiya chinthu chimene apanga chikhale momwe chilili. Atapeza ntchito ku Lusaka, ankanditumizira disiketi yatsopano pa basi pafupipafupi, itakulungidwa mu nyuzipepala, kondakitala n'kudzaisiya pa sitolo ya bambo awo. Iliyonse inkabwera ndi kakalata konena kuti iyi ndi yachangu kuposa ija, iyi imapanikiza kwambiri, ija ndiitaye. Ndinkaziyesa ndikapeza mpata, n'kuziika m'kabati kudikira Okutobala. Iwo zimenezi zinkawapweteka. Ankati ndikusunga mankhwala m'kabati odwala ali pakhomo.

Mu Febuluwale chaka chimenecho anabwera kudzaona makolo. Inali nthawi ya mwambo wa Angoni wa Nc'wala, tauni itadzaza alendo opita ku Mtenguleni. Kalaliki wa depo yathu ya kufupi ndi kumeneko anali a Daka, bambo wachangu pa ntchito, amene ankadandaula nthawi zonse kuti makina ake ndi aulesi. Awiriwa anakumana pa sitolo, nkhani inafika pa makompyuta, ndipo a Yusufu, mwa mtima wabwino, anawapatsa Nkhokwe yatsopano. A Daka anakaiika, makina anathamangadi, ndipo anasangalala.

Patapita sabata a Daka anatumiza madisiketi a malipoti a minda. Makina anga anakana kuwawerenga. Nkhokwe yatsopanoyo inali itasintha kayalidwe ka mafayilo, ndipo yakale imene inali mu mtolo sinkakadziwa. Ndinaganiza zoika yatsopanoyo mu ofesi, koma nditaiyesa ndinapeza kuti disiketi iliyonse yakale imene yaigwira imaisinthira ku kayalidwe katsopano osafunsa. Ndiye kuti madisiketi amene ndikanabweza kumadepo ena anayi aja sakanawerengeka kumeneko, pakati pa mvula, popanda njira yokafikako. Ndinabwereka kompyuta ya mu ofesi ya a Sakala, n'kuikamo yatsopanoyo kuti iziwerenga madisiketi ochokera kwa a Daka okha, koma pofika nthawi imene zonsezi zinalongosoka masabata anali atapita. M'malipoti amenewo munali minda imene inayamba kugwidwa matenda a kadukutu. Alangizi anafika mochedwa, matenda atafalikira, ndipo mabanja angapo anauzidwa kuti mtedza wawo chaka chimenecho sutengedwa ngati mbewu. Ndinapita nawo alangiziwo pokanena uthengawo. Mayi wina, amene anali atapalira munda wake yekha mwamuna ali m'chipatala, anatimvetsera mpaka kumapeto, n'kutipatsa mipando ndi madzi akumwa. Sanafunse kuti tinachedwa chifukwa chiyani.

Ndinalembera a Yusufu mofatsa, kuwapempha kuti asamapatse akalaliki athu chilichonse mwachindunji. Anayankha kuti apepesa chifukwa cha alimiwo, koma anawonjezera kuti zonsezi sizikanachitika ndikanakhala kuti ndimaika yatsopano iliyonse ikangofika. Sitinakangane. Aliyense anakhala ndi maganizo ake, ndipo madisiketi anapitiriza kubwera pa basi.

Okutobala 1996

Nditatsala pang'ono kutseka mtolo wa chaka chimenecho, a Yusufu anabwera okha ku Chipata, osatumiza kondakitala. Anandipeza mu ofesi ndipo sanafune ngakhale tiyi. Anati apeza cholakwika mu Nkhokwe imene ndinali nditaiyesa miyezi yonseyo, ndipo chinalinso mu imene inali kale m'madepo. Disiki ikakhala pafupi kudzaza, magetsi n'kuduka pamene ikulemba, inkatha kutaya mafayilo onse, osabwezekanso. Kumadepo kwathu batire kutha pakati pa ntchito sichinali chachilendo, makamaka masiku a mitambo. Tinali titangopulumuka mwamwayi.

Anatulutsa disiketi ina. Anati iyi anailembanso kuyambira pachiyambi, ndipo vutolo mulibemo. Koma inkafuna kuti pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse isinthidwenso ikhale yatsopano, ndipo kayalidwe ka mafayilo kanali katasinthanso. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo aliwonse. Ndinawapempha kuti angokonza cholakwika chokhacho mu yakale ija, osakhudza china chilichonse, kuti yatsopanoyo ndiiyese bwinobwino chaka chamawa.

"Yakale ija ndinasiyana nayo, achemwali. Mmene ndinailembera ndi mmene mwachokera vutolo. Ndikaimata pano, ing'ambika pena. Sindingaike dzina langa pa chinthu chimene ndikudziwa kuti ndi chowola."

"Nanga ine ndiike dzina langa pa chinthu chimene sindinachiyese? Ikakakanika kupitirira ku Tamanda mu Januwale, mudzapitako ndinu?"

"Sikanika."

"Mwaiyesa pa makina angati ngati athuwa?"

Anavomera kuti pa makina awo okha a ku Lusaka, amene anali atsopano. Koma anati amaidziwa ngati mwana wawo, ndipo ndiwakhulupirire monga ndinawakhulupirira tsiku loyamba lija.

Tinapita kwa a Sakala tonse awiri. Iwo anamvetsera, ndipo mtima wawo unaonekeratu kuti uli ku yatsopano. Anati madepo akudandaula kale za malo, alimi akuwonjezeka, ndipo munthu amene anapanga chinthucho ndi amene akuchidziwa. Anandifunsa ngati sindingaiyese msangamsanga m'masiku otsalawo. Ndinawauza kuti m'masiku ochepa ndingaone ngati ikudzuka ndi kulemba, koma sindingaone zimene imachita disiki ikadzaza, batire ikafooka, kapena kalaliki akalakwitsa batani. Zimenezo zimaoneka ndi nthawi. Atatopa nafe, a Sakala anati, "Mayi Mbewe, mtolo ndi wanu. Chimene musankhe ndichivomera, koma akalaliki akadzabwera kudzalira, adzalirira pa tebulo lanu."

Ndinaganiza masiku awiri. Njira zinali zitatu. Kusiya yakale momwemo, ndikudziwa kuti ili ndi bala limene mwini wake wakana kulichiza. Kuika yatsopano, pamodzi ndi kusintha maziko onse a makina asanu, mvula ili pakhomo. Kapena kuichotseratu Nkhokwe mu mtolo, makompyuta n'kubwerera ku kasungidwe wamba ka mafayilo, kodya malo koma kodziwika, kamene makina alionse amawerenga. Njira yachitatuyi inali yoipa kwa aliyense. Akalaliki akanataya theka la malo awo, ine ndikanadzipatsa ntchito yoopsa, ndipo a Yusufu akanaona ngati ndawalavula. Bambo anu nditawafotokozera anangondifunsa funso limodzi, kuti mwa njira zitatuzo ndi iti imene ikalakwika ndingathe kuikonza ndi kakalata ka pa njinga. Yankho ndinali nalo kale, ndinkangoopa kulinena.

Ndinapita ku sitolo m'mawa kukawauza a Yusufu pamaso. Anali akumanga chikwama kuti akakwere basi. Ndinawauza kuti Nkhokwe sikhalamo mu mtolo wa chaka chino, yakale kapena yatsopano, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Anamvetsera akupinda malaya.

"Ndiye mwaichotsa chifukwa ndakuuzani zoona. Ndikanakhala chete, bwenzi ikadali momwemo."

"Mwachita bwino kundiuza, achimwene. Sindikukulangani."

"Zaka zitatu yakusungirani mafayilo osataya ngakhale imodzi."

Ndinavomera kuti zinali choncho. Ananyamula chikwama, anatsanzika bambo awo, ndipo ine anangondigwedezera mutu.

Masabata otsatirawo ndinawathera m'galimoto. Pa depo iliyonse ndinkamasula mafayilo onse opanikizidwa, kusamutsira za zaka zam'mbuyo m'madisiketi kuti ndipite nazo ku Chipata, n'kusiya za chaka chimenecho zokha. Madisiketi anandithera ndisanafike theka. M'tauni monse munalibe, ndipo oda yathu ya ku Lusaka inali isanafike. Ndikudutsa pa sitolo tsiku lina, a Saidi anandikodola. Analowa kuseri n'kutuluka ndi katoni ya madisiketi amene mwana wawo anasiya, ena atsopano, ena olembedwa kale. Ndinazengereza kulandira.

"Tengani, mayi. Mwana wanga wakwiya nanu, ndipo mwina ali ndi chifukwa. Koma alimi aja sanakangane ndi munthu. Iyeyo ndidzamuuza ndine."

A Daka ndi amene anandilandira moipa kuposa onse. Anati ndawabwezera m'mbuyo, ndipo anafunsa ngati chaka chamawa ndidzawalanda kompyuta n'kuwapatsa sileti. Ndinawasiya ayankhule mpaka atatopa, kenako tinagwira ntchito limodzi tsiku lonse. Depo yomaliza, ya kupitirira ku Tamanda ija, ndinaimaliza mvula yoyamba itagwa kale, ndipo pobwerera galimoto inatitimira pa khwawa mpaka anthu a m'mudzi anadzatikoka ndi ng'ombe.

1997

Ndikufuna ndikuuzeni mmene zinathera popanda kudzikometsera. Dzinja limenelo linali lovuta. Madepo awiri malo anawathera mu Febuluwale, ndipo akalaliki analemba malipoti otsalawo pamanja, ine n'kumawatayipa mu ofesi mapepala akafika, ena atanyowa. Makalata odandaula anabweradi pa tebulo langa monga a Sakala ananenera, ndipo iwo akamadutsa ankangoyang'ana muluwo n'kupitirira. Koma fayilo ngakhale imodzi sinatayike, disiketi iliyonse imene inafika ndinaiwerenga, ndipo alangizi anafika m'minda pa nthawi yake.

Mbali inayo ndi iyi. Amalonda angapo m'tauni, amene a Yusufu anawaikira Nkhokwe yatsopano ija, anaigwiritsa ntchito chaka chonse popanda vuto. Ndinkawafunsa ndikakumana nawo, ndipo onse ankaitama. Inenso ndinaiyesa pa makina akale amene ndinali nawo mu ofesi, kuidzaza, kuizimitsira magetsi dala, ndipo sinagwe. Mwina ndikanaiika tikanadutsa dzinja lonse mwamtendere, a Daka osalemba pamanja. Sindidziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti mu Okutobala muja sindinkadziwa, ndipo mbewu ya anthu sinali yanga kuti ndiyesere mwayi.

Ndinalembera a Yusufu kuwauza zimene ndinapeza, kuti pulogalamu yawo yapirira mayeso anga onse, ndipo ndikufuna kuibwezera mu mtolo wotsatira. Yankho linabwera lalifupi. Anati imene ndayesayo yatha kale ntchito, alembanso ina, ndipo sangayankhe mafunso a yakale. Tinabwerera pomwe tinali paja. Sindinaibwezere. Madisiketi a pa basi analeka kubwera, ndipo akabwera kudzaona makolo ndinkangomva kwa anthu kuti anali m'tauni. Mbale ya mpunga ya pa Idi yokha ndi imene sinaleke, chifukwa mayi awo anati nkhani za makina sizifika kukhitchini kwawo.

1999

Chaka chimenecho otithandiza anatitumizira makompyuta atsopano, okhala ndi madisiki aakulu moti tikanatha kusungamo zolemba za zaka zonse n'kutsalabe malo. Nkhani yopanikiza mafayilo inatha yokha. Makinawo anakwanira ofesi ndi madepo anayi. Depo ya kupitirira ku Tamanda inatsala ndi makina akale, chifukwa sola ya kumeneko sikanatha kuyendetsa atsopanowo, ndipo kalaliki wake, mayi Nyirenda, anali akuvutikabe ndi malo chaka ndi chaka.

Mu Juni a Saidi anadwala, ndipo a Yusufu anabwera kudzakhala nawo mwezi wathunthu. Ndinapita kukazonda odwalawo. Ndikutuluka, a Yusufu anandiperekeza mpaka pa msewu, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka. Anali atanenepa pang'ono, ali ndi mkazi ndi mwana. Anandiuza kuti kuntchito kwawo anawapatsa udindo woyang'anira makompyuta a nthambi zambiri, zina za kutali kwambiri, ndipo tsopano iwonso amakana zinthu zatsopano zimene anyamata awo amabwera nazo. Ananena akuseka, koma osandiyang'ana. Kenako anatulutsa disiketi m'thumba la malaya.

"Iyi ndi ija munaiyesa chaka chija. Ndinaifunafuna mpaka ndinaipeza. Ndakonzamo tinthu tiwiri tokha, ndalemba papepala kuti ndi titi. Kayalidwe sindinakhudze, ndipo sindidzakhudza. Ikadzavuta ndidzaikonza momwemo."

Ndinawauza za makompyuta atsopano aja, kuti anabwera nayo nthawi itatha. Nkhope yawo inagwa, ndipo anati ankaganizadi kuti zingakhale choncho. Ndiye ndinawauza za mayi Nyirenda.

Ndinaiyesa miyezi itatu, monga mwa chizolowezi changa, ndipo iwo sanandifulumize. Mu Okutobala anatenga tchuthi n'kubwera, nati akufuna akaione ikulowa. Unali ulendo wawo woyamba kufika pa depo ya bungwe lathu. Tinanyamuka m'mawa, fumbi likulowa m'mawindo, iwo atagwiritsa chitseko pamene galimoto inkadumpha m'maenje. Pa depo anayang'ana batire, anayang'ana waya wochokera padenga, anapukuta fumbi pa makina ndi mpango wawo. Ntchito yoika anaisiyira ine, iwo atakhala pa thumba la mtedza. Nditamaliza, mayi Nyirenda anaona malo amene anatseguka pa disiki ndipo anawomba m'manja mwaulemu. Nditawauza kuti mlendoyo ndiye mwini wake wa Nkhokwe, anagwada pang'ono powapatsa moni, n'kuwafunsa ngati imeneyi idzawerengeka ku Chipata mvula ikadzatseka msewu. A Yusufu anawatsimikizira kuti idzawerengeka, ndipo palibe wina adzawabweretsere ina. Anatiphikira nkhuku, n'kutipatsa mtedza wa ana.

Pobwerera, dzuwa likupendeka, ndinaona a Yusufu atatulutsa pepala n'kumalemba pa bondo, cholembera chikudumphadumpha ndi msewu. Ndinawafunsa kuti akulemba chiyani. Anati ataona mmene batire ija imafookera, aganiza njira ina yolembera pa disiki imene ingadye magetsi ochepa, ndipo ikufuna kusintha pang'ono chabe pa kayalidwe.

"Achimwene, mwangolonjeza kumene kwa mayi aja."

"Ndalonjeza kuti sindidzawatumizira, achemwali. Sindinalonjeze kuti ndisiya kuganiza."

Dalaivala anaseka, ine ndinaseka, ndipo iwo anapitiriza kulemba mpaka tinalowa m'tauni. Nkhokwe imene tinaika tsiku limenelo inagwira ntchito pa depo ija osasinthidwa, kufikira makinawo atakalamba n'kuzima okha, mayi Nyirenda atatumiza kale mafayilo onse ku Chipata.